Woganiziridwa uchigawenga: asungidwe masiku angati asanaonekere kukhoti?

Mphunzitsi_wa_Kamwendo:
Abale ndi alongo a m'gulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira mwezi wathawu, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane modekha. Mwana wa mlongo wanga amachita geni ya zitenje ndi nsomba zouma pakati pa Chipata, Mchinji ndi Tete. Tsiku lina atangotsika basi anatengedwa ndi apolisi, chifukwa anamupeza ndi masimukhadi a mayiko atatu, ndalama za mayiko awiri, komanso mauthenga a Chiswahili mufoni mwake ochokera kwa anthu amene amaodako katundu. Anamusunga masiku 9 osamutengera kukhoti, ndipo pomutulutsa anangomuuza kuti ankafufuza ngati akugwirizana ndi zigawenga za ku Mozambique. Ine monga malume ake ndinadandaula za nkhaniyi pamaliro ena kwathu, koma ndinadabwa kuona kuti amuna ambiri amene ndinakhala nawo pasiwa ankati apolisiwo anachita bwino, ndipo ena anafika ponena kuti munthu woganiziridwa uchigawenga azisungidwa ngakhale chaka chathunthu popanda mlandu. Kodi ndine ndekha amene ndikuona kuti apa pali cholakwika?

Msilikali_Wopuma:
Pepani aphunzitsi chifukwa cha zimene zinaonekera mbumba yanu, koma ndiloleni ndikhale kumbali ya amuna a pasiwawo. Uchigawenga si wofanana ndi kuba mbuzi, kumene mungathe kudikira kuti mbuzi ibedwe kenako n'kuyamba kulondola mapazi. Pa 7 Ogasiti 1998 mabomba anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam ndipo anthu 224 anafa, ambiri mwa iwo Aafirika anzathu amene ankangodziyendera. Ku Kenya komweko, pa malo ogulitsira malonda a Westgate mu 2013 panafa anthu 67, ndipo pa yunivesite ya Garissa mu 2015 panafa anthu 148. Kuno kufupi, nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, inayamba mu Okutobala 2017 pamene anthu ochepa chabe anaukira mapolisi ku Mocímboa da Praia, ndipo ambiri ankaiona ngati nkhani yaing'ono. Ifenso tinataya asilikali athu 6 mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni ku Congo polimbana ndi gulu la zigawenga la ADF. Kuti wapolisi atsegule foni, apeze womasulira Chiswahili kapena Chipwitikizi, alembere anzake a dziko lina ndi kulandira yankho, masiku awiri amene lamulo limapereka munthu asanaonekere kukhoti sangakwane. Khoswe akakhala pamkhate sapheka msanga, ndipo amene akumusaka ayenera kupatsidwa nthawi.

NaBanda_wa_ku_Ludzi:
Ndili ndi funso limodzi kwa aphunzitsi ndisananene maganizo anga. Kodi pa masiku 9 amenewo, achibale munauzidwa kumene mwanayo anali?

Mphunzitsi_wa_Kamwendo:
Ayi mayi, sitinauzidwe. Tinamufunafuna masiku atatu, mpaka tinakayang'ana kuchipatala ndi kumochale, ndipo tinadziwa kumene anali kudzera mwa munthu wina amene anatuluka m'chitokosi chomwecho atapatsidwa belo.

Wothandiza_pa_Malamulo:
Ndakhala ndikugwira ntchito yothandiza anthu a pa rimandi kwa zaka zingapo, choncho ndiloleni ndifotokoze zimene lamulo limanena, chifukwa ndikuona kuti a Msilikali akutsutsana ndi chinthu chimene lamulolo silinanene. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, limati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene amamva, aloledwe kuonana ndi loya ndi achibale ake, ndipo aonekere pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito, aonekere pa tsiku loyamba limene khoti latsegula. Akafika kumeneko aimbidwe mlandu kapena auzidwe chifukwa chimene akupitirizira kusungidwa, ndipo zikapanda kutero atulutsidwe.

Onani bwino kuti lamuloli silikunena kuti apolisi amalize kufufuza m'maola 48, ndiponso silikunena kuti woganiziridwayo amasulidwe basi. Chimene likufuna n'chakuti munthu wina amene si wapolisi, amene sanamugwire ndipo alibe manyazi oti abise, amuone womangidwayo ndi maso, amve zimene boma lili nazo, ndipo agamule ngati n'zokwanira kuti apitirize kusungidwa. Ngati umboni ukuoneka kuti ulipo, majisitireti angathe kumutumiza pa rimandi kufufuza kukupitirira, ndipo kuyambira 2010 lamulo la kazengedwe ka milandu linaika malire a nthawi imeneyi, moti pa milandu ikuluikulu monga kupha munthu ndi kuukira boma ndi masiku 90, amene khoti lingathe kuonjezerako pang'ono ngati boma lapereka zifukwa. Choncho nthawi imene a Msilikali akupempha ilipo kale, kungoti iyenera kuperekedwa ndi khoti, osati wapolisi kudzipatsa yekha.

Msilikali_Wopuma:
Nanga dziko likakhala pa nkhondo yeniyeni, monga zilili kwa anansi athu, mukufuna asilikali azisiya kumenya nkhondo n'kumakafola kukhoti?

Wothandiza_pa_Malamulo:
Amene analemba malamulowo anaziganizira zimenezo, bambo. Gawo 45 limalola kuti mtsogoleri wa dziko alengeze kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pa nthawi imeneyo maufulu ena angathe kuimikidwa. Komabe ngakhale pamenepo, wachibale kapena mnzake wa womangidwayo ayenera kudziwitsidwa, dzina lake liyenera kusindikizidwa mu gazeti ya boma, ndipo khoti liyenera kuunika kusungidwa kwakeko pasanathe masiku 10. Kuzunza munthu ndiye sikuloledwa pa nthawi ina iliyonse. Mwana wa aphunzitsiyu anasungidwa masiku 9 achibale osadziwa, pa nthawi ya mtendere, pamene palibe analengeza chilichonse.

Gogo_wa_ku_Tembwe:
Ana anga, ndawerenga zonse zimene mwalemba mothandizidwa ndi mdzukulu wanga amene akundilembera mawuwa, ndipo chimene chandigwira mtima ndi liwu lakuti chigawenga. Inu mukulimva ngati liwu latsopano lobwera ndi nkhani za pa wailesi, koma ife tidakula nalo. Chitachitika chipwirikiti cha nduna mu 1964, ndiponso a Chipembere atalephera kuwoloka pa Liwonde mu 1965, aliyense amene boma linkamukayikira ankatchedwa chigawenga, ndipo padali lamulo losungitsa chitetezo cha dziko limene linkalola nduna kusayina pepala kuti munthu atsekeredwe popanda kuonekera kukhoti, popandanso tsiku lotuluka. Dzaleka imene lero mukuidziwa ngati msasa wa othawa kwawo idali ndende ya anthu otere, ndipo Mikuyu ku Zomba idali inzake. A Mboni za Yehova adadzaza ku Dzalekako chipembedzo chawo chitaletsedwa mu 1967.

Achimwene anga ankagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya. Adalandira kalata yochokera kwa msuweni wathu wa ku Chipata, monga mudziwa kuti ife a kuno malire adadutsa pakati pa mabanja athu, ndipo munthu wina amene ankasirira ntchito yawo adakanena kuti akulemberana ndi zigawenga za ku Zambia. Adawatenga usiku atavala kabudula yekha, ndipo adabwerako patapita zaka zinayi, mano ena atachoka, mkazi wawo atakwatiwa kwina. Mpaka tsiku la imfa yawo sadauzidwe mlandu umene adapalamula.

Musaganize kuti zinkagwera anthu wamba okha. A Aleke Banda, amene adali munthu wamkulu kwambiri m'boma lomwelo, adakhala m'ndende zaka 12 kuyambira 1980 popanda kuzengedwa mlandu. A Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa adagwidwa mu Disembala 1981 m'dera lathu lomwe lino la m'malire, boma likunena kuti adawagwirira ku Mchinji pamene iwo ankati adachita kubedwa kuchokera ku Zambia, ndipo a Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Pamene tinkavota mu Juni 1993, ena a ife sitinkavotera mayina a zipani ayi, tinkavotera kuti galimoto isadzaimenso pakhomo usiku.

Mnyamata_wa_Kapiri:
Agogo, ndi ulemu wonse, sibwino kuti nkhani iliyonse tiziithera pa kunyoza ulamuliro wakale, chifukwa nthawi imeneyo kunalinso chitetezo moti anthu ankagona zitseko zili zotsegula, ndipo mbewu zinkagulidwa pa mtengo wodziwika. Lero tili ndi maufulu ambirimbiri koma akuba ng'ombe akutivutitsa usiku uliwonse, ndipo akagwidwa mawa lake timakumana nawo pamsika atapatsidwa belo.

Mlimi_wa_Mkanda:
Pa nkhani ya belo mwanena zoona, chifukwa kwathu kuno munthu mmodzi wagwidwa katatu chaka chino ndipo katatu konse watuluka. N'chifukwa chake anthu ena ayamba kutenga lamulo m'manja mwawo, zimene sindikuzivomereza koma ndikumvetsa kumene zikuchokera.

Woyang'anira_Gulu:
Ndikupempha kuti nkhani ya akuba ng'ombe ndi mitengo ya mbewu tiitsegulire malo akeake. Pano tikukambirana za kusunga munthu woganiziridwa uchigawenga popanda kumuimba mlandu, ndipo agogo sananyoze munthu aliyense, anangofotokoza zimene zinaonekera banja lawo.

Kalaliki_wa_pa_Boda:
Kwa amene akuganiza kuti zimenezi zinatha mu 1994, ndikufuna ndiwakumbutse zimene zinachitika mu Juni 2003, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi. Amuna asanu okhala ku Blantyre, awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, mmodzi wa ku Sudan ndi mmodzi wa ku Kenya, anagwidwa usiku powaganizira kuti ankathandiza gulu la al-Qaeda ndi ndalama. Maloya awo anathamangira ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo bwalolo linaletsa kuti atulutsidwe m'dziko muno, linalamulanso kuti boma liwabweretse kukhoti kapena liwamasule. M'malo momvera, anthuwo anakwezedwa ndege n'kutulutsidwa m'dziko mogwirizana ndi akazitape a ku America. Patapita pafupifupi mwezi umodzi anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Pakati pa nthawiyo ku Mangochi kunabuka zipolowe, ndipo matchalitchi ndi maofesi ena anaphwanyidwa ndi anthu okwiya. Malamulo amene a Wothandiza akutiwerengerawa analipo kale chaka chimenecho, khoti linachita mbali yake, koma liwu lakuti uchigawenga litangotchulidwa, chigamulo cha woweruza chinasanduka pepala wamba.

Msilamu_wa_ku_Boma:
Zikomo a Kalaliki pokumbutsa nkhani imeneyo, chifukwa ife ena sitinaiiwale. Ndikufuna gulu lino limvetse kuti mphamvu yosunga munthu popanda mlandu siigwera anthu onse mofanana. Imayamba ndi amene ali ndi ndevu zazitali, amene wavala mkanjo, amene dzina lake likumveka lachilendo, kapena amene amalankhula Chiswahili monga ochita malonda ambiri amachitira. Ku Kenya mu Epulo 2014, boma litayamba ntchito imene linaitcha Usalama Watch, anthu ambirimbiri a mtundu wa Chisomali anasonkhanitsidwa m'bwalo la masewero la Kasarani ku Nairobi kuti akawaunike, ndipo ambiri mwa iwo anali nzika za Kenya zokhala ndi ziphaso zawo. Ine ndimadana ndi uchigawenga kuposa ambiri a inu, chifukwa ku Cabo Delgado Asilamu anzanga ndi ena mwa amene aphedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi yawo, koma sindingavomereze lamulo limene ndikudziwa kuti lidzayamba ndi mwana wanga chifukwa cha chipewa chimene wavala.

Msilikali_Wopuma:
Nkhani ya 2003 sindingaiikire kumbuyo, pakuti kunyozera khoti ndi kulakwa ngakhale kwa ife amene tinaphunzitsidwa kumvera malamulo. Komabe mayiko amene amatiphunzitsa za ufulu wachibadwidwe nawonso anachita zomwezi atalawa moto. America inatsegula Guantanamo, ndipo Britain inaonjezera masiku osunga woganiziridwa. Ngati iwo, ndi makina awo onse ofufuzira, anaona kuti masiku awiri ndi ochepa, kuli bwanji ife amene polisi yathu nthawi zina imasowa ndi mafuta a galimoto omwe?

Wophunzira_Malamulo_ku_Zomba:
Bambo, zitsanzo ziwiri zimene mwatchulazo n'zoyenera kuziyang'ana mpaka kumapeto kwake, osati poyambira pokha. Ndende ya Guantanamo, imene ili pa chilumba cha Cuba, inalandira akaidi oyamba pa 11 Januwale 2002, ndipo inaikidwa kumeneko dala poganiza kuti makhoti a ku America sadzakhala ndi mphamvu pa malo amene ali kunja kwa dzikolo. Amuna pafupifupi 780 anadutsa m'ndendemo, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo anatulutsidwa popanda kuimbidwa mlandu uliwonse, ena atakhalamo zaka zoposa 10. Ambiri sanagwidwe ndi asilikali a America pa bwalo la nkhondo, koma anaperekedwa ndi anthu a ku Pakistan ndi Afghanistan pa nthawi imene kunkaperekedwa ndalama kwa aliyense wobweretsa woganiziridwa, zimene sizikusiyana kwenikweni ndi munthu uja anasirira ntchito ya achimwene a agogo. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 2004, ndipo linabwerezanso mwamphamvu mu 2008 pa mlandu wa Boumediene, kuti akaidiwo ali ndi ufulu wopempha khoti kuti liunike kusungidwa kwawo. Barack Obama anasayina lamulo mu Januwale 2009 loti ndendeyo itsekedwe pasanathe chaka, koma anachoka pa mpando isanatsekedwe.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti Khalid Sheikh Mohammed, amene amamuganizira kuti anakonza chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001, anagwidwa mu 2003, koma patatha zaka zoposa 20 mlandu wake unali ukungozungulirabe m'makhoti a asilikali, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti anazunzidwa ali m'manja mwa akazitape, motero maloya akhala akukangana ngati zimene ananena zingalandiridwe ngati umboni. Yerekezani ndi Ahmed Ghailani wa ku Tanzania, amene anakhudzidwa ndi mabomba a 1998 amene a Msilikali atchula. Iyeyu anachotsedwa ku Guantanamo n'kukazengedwa m'khoti wamba ku New York, anapezeka wolakwa mu 2010, ndipo analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Amasiye a ku Nairobi ndi Dar es Salaam anaona chigamulo kudzera m'khoti wamba, pamene njira yachidule ija yasanduka yaitali kuposa zonse.

Ku Britain nako, lamulo la 2001 linalola kusunga alendo oganiziridwa popanda malire, ndipo ena anatsekeredwa ku ndende ya Belmarsh, koma mu Disembala 2004 oweruza akuluakulu a dzikolo anati lamulolo linali losemphana ndi ufulu wachibadwidwe ndiponso latsankho, popeza linkakhudza alendo okha. Nduna yaikulu Tony Blair anapempha masiku 90 osunga woganiziridwa asanaimbidwe mlandu mu 2005 ndipo aphungu anamukanira, ena a chipani chake chomwe, n'kuvomereza masiku 28. Gordon Brown anayesa masiku 42 mu 2008 koma sizinatheke, ndipo mu 2011 anabwerera pa masiku 14.

Msilikali_Wopuma:
Mwadzigwira nokha, mwana wasukulu, chifukwa masiku 14 ndi ochuluka kuposa masiku 9 amene aphunzitsi akudandaula nawo.

Wophunzira_Malamulo_ku_Zomba:
Ndi ochulukadi, bambo, koma ngakhale kumeneko wapolisi sangapitirire maola 48 payekha. Akafuna kupitirira ayenera kukapempha chilolezo kwa woweruza, woganiziridwayo ali ndi loya womuimira, ndipo ayenera kubwererakonso kukapempha ngati akufuna masiku ena. Kusiyana kwake ndi nkhani ya aphunzitsi sikuli pa chiwerengero cha masiku, koma pa mfundo yakuti kuno palibe woweruza amene anadziwa n'komwe kuti mnyamatayo ali m'chitokosi.

Namwino_wa_Kochilira:
Ndikufuna kuonjezera mbali imene ife a zachipatala timaiona. Masiku oyambirira munthu atangomangidwa, pamene achibale sakudziwa kumene ali ndipo palibe loya wamuona, ndi amene munthu amamenyedwa kwambiri, chifukwa omugwirawo amadziwa kuti zilonda zidzakhala zitapola asanaonekere kwa wina aliyense. Ku South Africa anayamba ndi lamulo la masiku 90 mu 1963, anapita pa masiku 180 mu 1965, ndipo mu 1967 anakhazikitsa lamulo lothana ndi uchigawenga limene linalola kusunga munthu popanda malire. Steve Biko anafa pa 12 Sepitembala 1977 ali m'manja mwa apolisi, atavulazidwa m'mutu ndi kunyamulidwa ali maliseche kumbuyo kwa galimoto kuchoka ku Port Elizabeth mpaka ku Pretoria. Tisaiwale kuti pa nthawiyo boma limenelo linkatchula Nelson Mandela ndi anzake kuti zigawenga. Palinso za matenda, chifukwa munthu amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a shuga akasowa masiku 9 achibale osadziwa kumene angamupititsire mankhwala, angathe kutuluka wopanda mlandu koma thanzi lake litawonongeka kale.

Mlimi_wa_Mkanda:
Zonsezi ndazimva, koma ndikuona ngati mukulikweza kwambiri khoti. Ine ndinakhalapo m'khoti la majisitireti kudikira mlandu wa m'bale wanga, ndipo ndinaona anthu akulowetsedwa khumi nthawi imodzi, wapolisi woimira boma n'kunena kuti kufufuza kukupitirira, woweruza n'kulemba tsiku lina, basi onse abwerere pa rimandi. Palibe anafunsidwa ngati anamenyedwa, ndipo panalibe loya ngakhale mmodzi. Ngati maola 48 amathera pamenepo, kodi mwana wa aphunzitsiyu sakanakhala miyezi itatu ku ndende m'malo mwa masiku 9 a m'chitokosi?

Wothandiza_pa_Malamulo:
Funso limeneli ndi lolemera kuposa onse amene afunsidwa pano, ndipo sindinama kuti zimene mwaonazo sizichitika. Ndakumanapo ndi anthu amene malire a masiku 90 anawadutsa kalekale koma akadali pa rimandi chifukwa fayilo yawo inasowa kapena palibe amene anawakumbuka, ndipo ndi chifukwa chake timakonza kuti majisitireti azipita kundende komweko kukamva nkhani za anthu otere. N'zothekadi kuti mnyamatayu akanatumizidwa pa rimandi. Komabe munthu amene waonekera kukhoti amakhala ndi nambala ya mlandu, dzina lake limalembedwa m'buku limene si la apolisi, achibale amadziwa kumene ali ndi tsiku limene adzabwerenso, angathe kupempha belo, ndipo belo ikakanidwa angathe kukadandaula ku bwalo lalikulu. Wapolisi nayenso amakakamizika kunena poyera chimene akumusungira, ndipo ndikukhulupirira kuti akanachita manyazi kuuza woweruza kuti umboni wake wonse ndi masimukhadi atatu, m'dera limene pafupifupi aliyense wochita geni ali ndi nambala ya ku Zambia. Kufooka kwa makhoti athu ndi chifukwa chowalimbikitsira ndi kuonjezera maloya a boma othandiza osauka, osati chifukwa chowalambalala.

NaBanda_wa_ku_Ludzi:
Inenso ndili ndi masimukhadi awiri chifukwa mwana wanga anakwatiwa ku Katete, ndipo nkhaniyi yandichititsa mantha kuposa mmene ndinalili ndisanaiwerenge.

Msilikali_Wopuma:
Ndakhala chete kuyambira dzulo chifukwa ndimaganizira mawu a bambo a ku Boma aja. Pali chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira ku Congo chimene ndiyenera kuchivomereza ngakhale chikufooketsa mbali yanga. Nkhani zonse zothandiza zimene tinkalandira zokhudza kumene adani abisala sizinkachokera m'makina, koma kwa amayi opita kumunda, kwa oyendetsa njinga zamoto ndi kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Mudzi umene anyamata ake anatengedwa mwachisawawa ndi asilikali a boma lawo unkatseka pakamwa, ndipo tikafika ife ankangotiyang'ana. Ndimadziwanso kuti asilikali a Britain amaphunzitsidwa za kulakwitsa kumene kunachitika ku Northern Ireland mu Ogasiti 1971, pamene anatsekera anthu oposa 300 tsiku limodzi popanda mlandu pogwiritsa ntchito mndandanda wa mayina wachikale, ndipo m'malo moti ziwawa zichepe, chaka chotsatira cha 1972 ndi chimene kunafa anthu ambiri kuposa chaka china chilichonse cha nkhondoyo. Komabe sindinasinthe maganizo pa mfundo imodzi, yakuti dziko lathu liyenera kukhala ndi ndondomeko yomveka bwino ya milandu yotereyi tsoka lisanatigwere, yokhala ndi oweruza osankhidwa amene angapezeke ngakhale Loweruka usiku, ndiponso njira yoti umboni wachinsinsi uzionedwa ndi woweruza popanda kuulula amene anaupereka. Tikadikira kuti bomba liphulike kaye, lamulo lidzalembedwa ndi anthu okwiya m'sabata imodzi.

Wophunzira_Malamulo_ku_Zomba:
Pa oweruza opezeka usiku ndikugwirizana nanu kwathunthu, koma pa umboni wachinsinsi ndikukayika, chifukwa munthu sangadziteteze pa chinthu chimene sanauzidwe. Bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, limene lili ku Banjul, litaunika madandaulo okhudza a Aleke Banda ndi banja la a Chirwa, linapeza kuti dziko lathu linaphwanya pangano la Africa pa ufulu wosamangidwa mwachisawawa ndi ufulu wozengedwa mlandu mwachilungamo, ndipo sindingakonde kuti tibwererenso kumeneko kudzera pa khomo lakumbuyo.

Mnyamata_wa_Kapiri:
Ine ndikuonabe kuti mukuchulutsa nkhani za kunja, pamene mnyamatayo anatuluka wamoyo ndipo palibe anamuimba mlandu. Akanangothokoza Mulungu n'kupitiriza geni yake.

Mphunzitsi_wa_Kamwendo:
Geni imene mukunenayo ndi imene yafa, achimwene. Nsomba zimene anali nazo zinaonongeka, foni yake imene munali manambala a onse amene amagula ndi kuoda kwa iwo sanamubwezere mpaka lero, ndipo pamsika anyamata ayamba kumuitana kuti al-Shabaab, moti amayi ena amene ankatenga zitenje pa ngongole akuopa kuima pa benchi yake. Khoti likanamumasula akanakhala ndi pepala loonetsa anthu, koma pano alibe chilichonse chotsimikizira kuti anapezeka wosalakwa. A Wothandiza, kodi pali chimene banja lingachite, kapena nkhaniyi yathera pomwepa?

Wothandiza_pa_Malamulo:
Siinathe, aphunzitsi. Choyamba, mnyamatayo alembe yekha zonse akadakumbukira bwino, tsiku ndi nthawi imene anagwidwa, amene analipo, zimene anafunsidwa, katundu amene analandidwa ndi tsiku limene anatulutsidwa, ndipo munthu uja anakuuzani kumene anali mumusunge bwino chifukwa ndi mboni. Kusunga munthu kupitirira maola 48 popanda chilolezo cha khoti ndi mlandu umene angathe kusumira boma kuti limupepese ndi ndalama, ndipo ngati alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Angathenso kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, kapena ku Independent Complaints Commission, limene linakhazikitsidwa kuti lizimva madandaulo okhudza apolisi. Za foniyo, lembani kalata kwa mkulu wa polisi imene inamusunga yopempha kuti aibweze kapena afotokoze mlandu umene akuisungira, ndipo musunge kope lodindidwa chidindo chawo. Ndikuchenjezeni kuti milandu yofuna chipepeso imatenga nthawi yaitali, ndipo ngakhale mutapambana, ndalama zimachedwa kutuluka.

Mphunzitsi_wa_Kamwendo:
Ndayamika kwambiri. Ndakambirana ndi mlongo wanga madzulo ano, ndipo iye akukana zoti tisume, akuti tikawaputa adzabweranso kudzamutenga ndipo ulendo uno sitidzamupeza. Mwini wakeyo akufuna foni yake yokha basi. Ndaganiza zoyamba ndi kalatayo, ndipo ndidzaipereka ndekha Lolemba ndikaweruka kusukulu, pamene za kusuma ndidzazibweretsa pa msonkhano wa banja tikamaliza kukolola mtedza.

Gogo_wa_ku_Tembwe:
Popita ndi kalatayo musapite nokha, aphunzitsi, mutengane ndi a mfumu kapena mkulu wa mpingo, ndipo kunyumba muwauze nthawi imene mukuyembekezera kubwerako.